Khutu pa Pampu ya Sukulu

Chaka chimene fakitale inayamba kuchotsa anthu ntchito, a Stanislaus anabwera kunyumba ndi bokosi la zitsulo basi. Masana ankakhala patsinde pa mango n'kumaphunzitsa mwana wawo Clementina kumvera makina: nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo, chogwirira pakhutu, maso otseka.

Clementina ankamvera chilichonse. Chigayo cha ku Shimabala, injini ya basi, ngakhale njanji sitima ikadali kutali. M'kati mwa chitsulo munkayenda mtsinje. Akatseka maso ankayandama nawo, kudutsa machumuni ozizira a fakitale, mpaka kukafika kumene mawilo onse ankazungulira mwakachetechete, iye ali pakati, atavala ovolosi.

Koma kusukulu anamulemba m'kalasi yophika ndi kusoka, monga atsikana onse. M'kalasi ya sayansi ndi zitsulo munatsala malo amodzi, ndipo mayina ankatsekedwa Lachisanu.

Lachinayi anapeza a Gideon, mphunzitsi wa kalasiyo, ali ndi ophunzira awo pa pampu ya madzi ya sukulu. Pampuyo inkalira ngati mbuzi yomangidwa.

"Ba Sir, nifuna malo yaja."

"Iwe? Na manja ya vitumbuwa aya? Chabwino, tiuze chamene chavuta apa. Ise tati ni mota."

Clementina anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama, n'kuiika pakhutu.

"Aitumira foni!" anatero wina, onse n'kuseka.

Anatseka maso. Kuseka kuja kunapita kutali, kutsidya. Mtsinje unalipo, ukuyenda bwinobwino, koma cha kumanzere china chake chinkakukuta ngati mchenga m'mano. Anachitsatira pang'onopang'ono mpaka anachipeza.

"Mota ili che bwino. Ni beringi, mbali iyi. Yauma."

A Gideon analanda sikuludiraiva ija n'kuyesa okha. Anakwinya nkhope, ankangomva phokoso. Anazimitsa pampu, namasula chivundikiro cha kumanzere. Timipira ta beringi tinagwera m'dzanja lawo, touma, tadzimbiri.

Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasolola cholembera kuthumba la shati.

"Dzina?"

"Mulidziwa, ba Sir."

Analemba. "Monday ubwere na ovolosi. Na ka nzeru aka uzanionetsa."

Ovolosi Clementina analibe. Koma ya bambo ake inali pamsomali kuseri kwa chitseko chichokereni kufakitale. Popita kwawo Clementina ankaganiza za mikono ya ovolosiyo: kuipinda katatu, mwina kanayi.