Zala za a Matias

Pepalalo ndinalitulutsa m'nyumba ndine, ndiye ndisanayambe kunyoza mwana wa eni ake, ndivomere kaye mbali yanga. Ndinaliba. Atate anga a Matias anali akuwodzera pakhonde, ine n'kusolola nsungwi ija pansi pa bedi lawo, kuikulunga m'chitenje, n'kuuyamba wa ku Chipyela.

M'nsungwimo munkakhala pulani ya kangalawa ka matanga, kachitsanzo chabe, kotalika ngati mkono. Atate anabwera pa Likoma kuchokera ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, ali mnyamata, ndipo ntchito yawo inali yokhoma ngalawa. Asanadule thabwa la ngalawa yeniyeni ankayamba asema kakang'ono, n'kukakayandamitsa pamadzi kuti aone mmene kakukhalira. Kulemba sankadziwa, choncho anagwirizana ndi malemu a Oswald, mphunzitsi wa dzanja labwino. A Oswald anajambula maonekedwe ake ndi inki, koma za madzi sankazidziwa, ndiye miyeso anaika ndi atate. Ankapaka chala chachikulu mwaye wosakaniza ndi mafuta, n'kudinda pambali pa nthiti iliyonse ya ngalawa: apa ziwiri, apa zitatu, apa zitatu ndi theka. Chala chimodzi pa kangalawa chinkaimira mkono umodzi pa ngalawa yaikulu. Ngalawa imene inatuluka papepala limenelo inawoloka pakati pa Likoma ndi Cobue zaka makumi awiri, mwera usakhale mwera, osagubuduzika ngakhale kamodzi.

Ndiye kunabwera Douglas, mwana womaliza wa a Oswald, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Anabwerera chiliza cha bambo ake. Anafika kwathu ku Khuyu ndi ulemu wake wonse, n'kunena kuti akufuna kukonza pulaniyo pa kompyuta, chifukwa chiswe chinali chitayamba kale kuidya, kenako apeze mmisiri aseme kangalawa koti anthu adzakaone pa tsiku la chiliza.

"Pepala limenelo silituluka muno," anatero atate, basi.

Atate anasiya kuona zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ine ndinati ndi makani a ukalamba. Ndinkafuna anthu a pa Likoma, amene mpaka lero amatitchabe "a kutsidya", adzaone ndi maso awo chimene munthu wa kutsidyayo anachita. Mawa lake ndi pamene ndinapita nayo nsungwi ija.

Patatha masabata atatu Douglas anandiitana kunyumba kwa mayi ake ku Chipyela. Ndinamupeza atakhala patebulo, mano onse pamtunda.

"Achemwali, khalani apa muone zodabwitsa."

Anatsegula laputopu. Kunena zoona, zinali zokongola. Pamene chiswe chinadya, mizere inali italumikizana. Mlongoti unali chilili, thanga litatambasuka, pepala lonse loyera mbee. Pansi pake panali dzina la a Oswald m'zilembo zawo zopendekeka. Ndinayang'ana kumutu kwa ngalawa, ndinayang'ana kumchira.

"Nanga zala zili kuti?"

"Zala zanji?"

"Zakuda zija, pambali pa nthiti."

"Oo, litsiro lija!" Anaseka. "Limene lija landidyera masiku atatu, achemwali. Kuchotsa limodzilimodzi, madontho opitirira fifite. Maso mpaka kufiira."

Litsiro. Munthu anakhala masiku atatu, ndi sukulu yake yonseyo, akufufuta atate anga papepala mosamala ngati akutola nsabwe, ndipo ankadikira kuti ndimuombere m'manja.

"Bwezerani," ndinatero. "Pompano."

Ndinamuuza chimene madonthowo anali. Kumwetulira kuja kunayamba kuchoka. Anadina apa, anadina apo, n'kukanda m'mutu. Akuti chithunzi chokonzacho anachisunga pamwamba pa choyamba chija, ndiye choyambacho kulibenso.

"Nanga zithunzi zimene unajambula pa foni?"

"Foni inadzaza. Nditaziika mu laputopu ndinazifufuta."

"Ndipatseni pepala langa."

Apa anayang'ana pansi. Akuti atalitambasula linangothethekathetheka, ndipo anachita kujambula chidutswachidutswa. Linkanunkha nkhungu, ana a mlongo wake n'kuyamba kuyetsemula, ndiye atamaliza analitentha pamodzi ndi zinyalala.

Ulemu unandithera pomwepo.

"Iwe Douglas, uli ndi maso awiri. Makina akowa amakulitsa chinthu mpaka kuona mwendo wa nyerere. Sunaone kuti ndi chala cha munthu?"

"Ndinaona kuti ndi zala. Ndimayesa ndi antchito a adadi ankaligwira ndi manja akuda."

"Antchito? Atate anga wantchito wa bambo ako? Bambo ako ankadziwa ndi mbali iti ya thabwa imene imayang'ana kumadzi?"

Mayi ake, a Annie, anasuzumira pakhomo n'kubwerera. Anachita bwino, chifukwa tsiku limenelo sindikanasankha womukalipira.

"Koma achemwali," Douglas anayankhula motsitsa, "bwanji simunandiuze?"

Funso limenelo linandipweteka kuposa zonse, chifukwa linali loona. Sindinamuuze. Ndinamupatsa nsungwi mothamanga, n'kubwerera kunyumba atate asanadzuke. Ndinakwiya naye, ndinadzikwiyira ndekha, ndipo poti sindikanatha kudzimenya, ukali wonse ndinamukhuthulira iye.

Pakona panali pepala lalikulu lokulunga. Inali pulani yoyera ija, atakaisindikiza ku Mzuzu, yobwera pa sitima ya pamadzi dzulo lake. Ndinalitenga.

"Nyamuka. Ukanene wekha."

Tinayenda wapansi mpaka ku Khuyu dzuwa lili pamutu, ine patsogolo, iye pambuyo ndi nsapato zake za mu ofesi. Amene anandipatsa moni panjira sindikuwakumbuka.

Atate tinawapeza pakhonde pomwe paja. Ndinagwada n'kuyamba ndine, kuti ndinaba nsungwi. Douglas ananena zotsalazo, akuchita chibwibwi. Ndinkayembekezera kuti atate akalipa, ndipo ndinkafuna akalipe, koma anangoika manja pamaondo.

"Mwatentha," anatero.

"Pepani, bambo. Sindinadziwe."

"Bambo ako ankadziwa. Ankandigwirira pepala ndi iwowo, kuti lisauluke."

Ndinalowa m'khitchini, kupala mwaye pansi pa ketulo, kudonthezera mafuta ophikira pa kambale, n'kutakasa ndi chala. Ndinatambasula pepala loyera lija pamphasa, miyala inayi m'makona.

"Achemwali, limenelo ndi limodzi lokha," Douglas anatero. "Chiliza ndi Loweruka, sitima sibweranso…"

Ndinangomuyang'ana, ndipo anatseka pakamwa.

"Atate, mizere ya a Oswald ilipo yonse. Chasowa ndi inu. Bwererani papepala."

Poyamba anakana. Ndinawagwira dzanja lamanja, kuviika chala chachikulu m'mwaye muja, n'kuchifikitsa kumutu kwa ngalawa.

"Nthiti yoyamba, atate."

"Ziwiri."

Anadinda kawiri. Chala chinatuluka bwinobwino, chakuda bii, mizere yake yonse kuoneka. Ndinamva Douglas akupumira m'mwamba, ndipo mumtima ndinati uone bwino, litsiro lako ndi limeneli.

"Yachiwiri."

"Zitatu."

Yachitatu anati zitatu ndi theka, n'kupendeketsa chala kuti chidinde mbali imodzi yokha. Msana wawo unawongoka. Mawu anayamba kutuluka amphamvu, aja ankalamulira nawo anthu pagombe ine ndili mwana. Yachinayi sanadikire n'komwe kuti ndiwafunse. Misozi inali itayamba kulengeza m'maso mwanga, ndipo ndinadziuza kuti tapulumuka.

"Yachisanu, atate."

"Apa ndiye pamimba," anatero. "Apa ndi pamene ngalawa imakanira mwera. Ukachepetsa imagona chammbali, ukachulukitsa siyenda. Ndinasema tingalawa titatu ndisanapapeze."

Chala chinali m'mwamba, pamwamba pa pepala. Milomo yawo inkagwedezeka, akuwerenga chamumtima. Anatsitsa dzanja pang'ono, n'kulikwezanso.

"Zinayi ndi theka," anatero. "Ayi. Zimenezo zinali za koyamba kaja, kamene kanamira."

Tinadikira. Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa.

"Felista."

"Wawa, atate."

"Iwe unali ndi maso. Pepala lija waliona kuyambira uli mwana. Apa zinali zingati?"

Ndinaliona kambirimbiri pepala limenelo. Ndinkalinyadira, ndinaliba chifukwa cholinyadira, koma sindinawerengepo zala zija ngakhale tsiku limodzi.

"Sindikudziwa, atate."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anapukutira chala chija pa buluku, n'kundipempha kuti ndiwalowetse m'nyumba.