Benzi ya Apongozi

Owen, mnyamata wa ku Balaka wogwira ntchito ku maofesi a boma ku Nkhata Bay, anakwatira Dinah, mwana wa a Mhone a ku Chikale. Apongozi akewo sanali munthu woipa ayi, koma nkhani zawo ndi mkamwini zinkathera pa moni. Owen akati, "Mwadzuka bwanji, Ada?" iwo ankayankha bwinobwino, kenako onse awiri n'kumangoyang'ana nkhuku pabwalo.

A Mhone anali ndi Benzi yakale yobiriwira, ya otomatiki, imene anagula adakali pantchito ya m'sitima. Mtauni inkayenda mwaulemu, anthu a pamsika n'kumaikwezera manja. Vuto linali msewu wa ku Mzuzu. Ikangoyamba kukwera zitunda, oyilo wa m'giyabokosi ankatentha, fungo la chopserera n'kudzaza mkati, galimoto n'kumangolira osapita patsogolo. Mayi Mhone anafika potopa nazo.

"Ine ulendo wamawa ndikwera minibasi," anatero tsiku lina pachakudya. "Kuima m'tchire ngati tikudikira maliro!"

Nkhope ya a Mhone inagwa. Apa Owen analimba mtima.

"Ada, pali kachida kena kooneka ngati ladiyeta yaing'ono. Oyilo wa giyabokosi amadutsamo, mphepo n'kumuziziritsa. Tingathe kuika tokha."

"Tokha? Iwe ndi ine?"

"Eya, Ada."

Loweruka m'mawa anatsegula boneti, n'kuchotsa giliro, chotchinga cha mipata chija chakutsogolo kwa galimoto. Malo a pakati pa giliro ndi ladiyeta anali ochepa. A Mhone anadula katoni ya sopo molingana ndi malowo, ndipo awiriwo anakwera nayo minibasi ya ku Mzuzu, katoni ili pamiyendo ya mdala ngati mwana wakhanda.

Ku Mzuzu, kwa ogulitsa zipangizo za galimoto, anapeza ladiyeta zoterozo zitatu. Yoyamba inali yaikulu, yogulula ku pikapu yangozi. A Mhone anaikonda nthawi yomweyo.

"Chachikulu ndiye chabwino. Taona kulemera kwake!"

Owen anaipendeketsa, ndipo munatuluka oyilo wakuda wa timiyalamiyala ta zitsulo. "Izi zikalowa m'giyabokosi yanu, Ada, tilira." Anayesanso katoni ija, n'kuona kuti chachikulucho chikutulukira mbali zonse. Yachiwiri inali yaing'ono, ya paipi imodzi yokhotakhota, yoyenera galimoto yongozungulira mtauni. Yachitatu, yatsopano, ya timbale tosanjikizana, inakwana pa katoni ndendende. A Mhone anaitembenuza uku ndi uku, akudandaula kuti ndi yopepuka ngati chitini cha mkaka, koma anagula. Anagulanso mapaipi a labala, makilampu ndi oyilo wofiira.

Madzulo ake Benzi inali pa jeke pansi pa mtengo wa mango. Anamangirira choziziritsiracho kutsogolo kwa ladiyeta, n'kusiya mpata woti chala chilowe. Mapaipi a oyilo a pakati pa giyabokosi ndi ladiyeta analipo awiri, ndipo yofunika inali yobwerera ku giyabokosi. Analiza injini pang'ono, n'kuzimitsa, a Mhone n'kugwira iyi, kugwira iyo.

"Ayi! Iyi ikuotcha," anakuwa akukupiza dzanja. "Yobwerera ndi inayo."

Anaimasula, n'kulumikiza mapaipi atsopano kuti oyilo akachoka mu ladiyeta azidutsa kaye m'chida chija asanabwerere kwawo. Pofika apa anali atayamba kucheza ngati anthu odziwana kale. A Mhone anasimba za mafunde a ku Usisya, Owen za njinga za ku Balaka, sipanala ikungosinthana manja.

"Ada, lizani injini ndione ngati pakudontha," anatero Owen ali chagada pansi pa galimoto.

Injini inalira. Paipi imodzi inangoti phu! Oyilo wofiira uja anamuthira kumaso, m'khosi, pachifuwa ponse. Owen anatuluka chokwawa akulavula, maso ali otseka.

Nthawi yomweyo Mayi Mhone ankatuluka m'nyumba ndi thireyi ya tiyi. Thireyi inagwa.

"Mayo ine! Mwamupha mwana wa eni! Dinah! Dinah, mwamuna wako!"

Dinah anathamanga wopanda nsapato. Mayi wa nyumba yoyandikana anali kale pamsewu kuimitsa njinga yamoto yoti imutengere kuchipatala. Owen ankayesa kunena kuti ndi oyilo chabe, koma mkamwa munali moterera, mawu osamveka. Dinah anamugwira tsaya, n'kununkhiza chala chake, n'kukhala pansi ndi phwete la kuseka.

"Ama, si magazi. Munthuyu akununkha galaja."

Wa njinga yamoto anafika, n'kuyang'ana, n'kubwerera akupukusa mutu.

Atasamba, Owen anapeza a Mhone atagwira kilampu yosamanga. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wamanga. Owen anatsegula pakamwa kuti apepese, koma mdala anamutsogolera.

"Ndine ndinali ndi sikuludalaiva. Nkhani za Usisya zija zinandikomera." Anaimanga molimba, n'kuyesanso zina zonse imodziimodzi, kenako anawonjezera oyilo mpaka anafika pa chizindikiro.

Lolemba linali tchuthi, ndipo ananyamuka onse anayi. Mayi Mhone anakhala kumbuyo atafumbata chikwama, mphuno ili tcheru. Benzi inayamba kukwera. Inadutsa minda ya chinangwa, n'kufika pa chitunda chimene inkakonda kufookera. Giya inasintha yokha mwakachetechete, galimoto n'kupitirira, mpaka kupyola lole ya matabwa imene inkafuka utsi.

"Mukumva fungo, Ama?" anafunsa Dinah.

"Ndikumva la mwamuna wakoyu basi. Sopo sanamuthe."

Onse anaseka, a Mhone mpaka kuomba chiwongolero. Atafika ku Mzuzu, mayi ananena kuti popeza galimoto ili ndi mphamvu chonchi, angopitirira mpaka ku Ekwendeni akaone mchemwali wawo. A Mhone anavomera osatsutsa, kenako anatembenukira kwa Owen.

"Loweruka likubwerali uli ndi zochita? Mabuleki akumbuyo akulira. Ubwere ndi malaya akutha."