Nyimbo ya Mayankho

Chingerezi chinamugwetsa Nsofwa kawiri. Masamu anakhoza, sayansi anakhoza, koma ku koleji ya unamwino salandira munthu wolephera Chingerezi. Chaka chino chinali chomaliza. Mwamuna wake, Rodgers, anali atanena mosapsatira kuti akalepheranso mayeso a GCE, za sukulu zithere pomwepo, akathandize apongozi ake kugulitsa tomato pamsika ku Kanyama.

Chimene chinkamupha ndi mawu aja ofanana ngati mapasa. Lero aloweza kuti "lose" ndi kutaya, "loose" ndi chokhwefuka, mawa podzuka apeza asokonekeranso. Ankawerenga mpaka mutu kuwawa, ndipo zinkamupweteka mtima kuona tiana ta giredi naini tikusankha mawu omwewo mosaganiza n'komwe.

Ndiye mnzake Monalisa, wolepheranso mnzake, anamutengera ku tyushoni ya ba Kabaso, m'kachipinda kuseri kwa bala. Ba Kabaso za matanthauzo analibe nazo ntchito. Ankati pepala lenileni la mayeso linawafika kale pafoni, ndipo mayankho ake anali atawaika m'nyimbo yonga ya kwaya.

"Osavutika na ma meaning, sisi," anatero ba Kabaso. "Imwe gwilani chabe nyimbo. A, C, C, B. Mutu uzipumulako."

Mukanaona! Azibambo ndevu pepeya, azimayi ana kumsana, onse kuimba zilembo mokweza, wina mpaka kuikamo besi. Nsofwa anatseka dikishonale yake, naiponya pansi pa bedi. Ankaimba pamzere wa madzi, ankaimba pochapa, ndipo mtima wake unakhala pansi. Koma kuthamanga sikufika.

Tsiku la mayeso anatsegula pepala. Funso loyamba silinali lija la pafoni ya ba Kabaso. Lachiwirinso ayi. Anacheukira kwa Monalisa, ndipo anamuona akugwedeza mutu, milomo ikuimba chamumtima, akulemba zilembo osawerenga ngakhale funso limodzi.

Tsoka la Nsofwa linali loti iye ankawerenga. Chingerezi chake chinali chokwanira kuona kuti nyimbo ija ikunama, koma chosakwanira kumuuza yankho loona. Anayang'ana "affect" ndi "effect", mawu amene mwezi wathawo anali atayamba kuwagwira. M'mutu munangomveka besi ija. Misozi inadontha papepala, ndipo anachita manyazi kwambiri.

Panja Monalisa anamukumbatira akuvina. "Taphasa, mwana! Ba Kabaso ni ba doctor!"

Nsofwa sanamuuze kuti nyimbo ija inawanamiza. Amuuziranji? Zotsatira zidzamuuza zokha.

Ali mu minibasi, foni inalira. Anali Rodgers, ndipo mawu ake anali achifundo, zomwe zinangowonjezera ululu.

"Vayenda bwanji, ba nurse?"

Nsofwa anangoyankha kuti:

"Muuze amai kuti mailo nizabwela kuseni. Anionetse mwamene baikila tomato pa mulu."