Kwatsala Kamodzi

Kompyuta inakana kachisanu ndi chitatu, ndipo timawu tofiira tinamuuza kuti kwatsala kawiri. Mwana wachisamba wa malemu anachotsa manja pamabatani ngati wakhudza moto. Msamphawo anautchera yekha kalekale: munthu akalakwitsa mawu achinsinsi kakhumi, kiyi womasulira amafufutika, ndipo zonse zamkati zimasanduka zinyalala za manambala zoti ngakhale katswiri sangawerenge. Mkatimo munali buku limene bambo ake, mphunzitsi wopuma, analemba kwa zaka khumi, ndi mawu a mayi ake ojambulidwa asanamwalire.

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro. Pakhomopo ankamutcha aKunja, poti kunjako anakhalako zaka makumi awiri akugwira ntchito yoteteza zinsinsi za makampani. Nthawi yonseyo kompyuta ya bambo ake ankaiyendetsa ali kutali. Ankalowamo ali muofesi mwake, kukonza chavuta, n'kutuluka, mkuluyo akungoona kamuvi kakuyenda kokha pagalasi. Anzake ankawauza monyada kuti amasamala kholo kuposa ogona nalo nyumba imodzi. Koma chaka chatha khomo limene ankalowera ali kutalilo linatsekeka, ndipo tsopano anapeza mawu achinsinsi atasinthidwa.

Mlongo wake analowa kudzatenga makapu. Ataona timawu tofiirato, anamuuza kuti aleke kuvutika, mawuwo akuwadziwa ndi mwamuna wake.

"Kalipentala uja? Munthu wolemba uthenga ndi chala chimodzi, lilime lili panja?"

"Chala chomwecho n'chimene chinkameta bambo ndevu, achimwene."

Chifikireni, mlamu wakeyo ankamuwawa ngati kamwala m'nsapato. Kalipentalayo ankadziwa pamene pamakhala kiyi wa kabati, ankadziwa kakankhidwe ka chitseko cha kubafa, ndipo anali atavala jekete la malemu limene aKunja anatumiza. Pamaliro anthu ankayamba kupepesa mkamwini, kenaka n'kunong'onezana kuti wa magalasiyu ndani. AKunja anabwerera kudzapeza msewu waubwana wake utadzaza timashopu, mtengo wapakhomo utadulidwa, ndipo ngakhale bambo ake anali atatengedwa ndi wina.

Mlongo wake atatuluka, analemba dzina limene bambo ake ankamutchula ali wamng'ono. Anali ndi chikhulupiriro chonse. Kompyuta inati kwatsala kamodzi.

Anakhala nthawi yaitali akumvetsera hamala ikulira kuseri kwa nyumba, kumene mlamu wake ankakonza benchi imene inathyoka pamaliro. Kenaka anadzuka n'kupita komweko. Mawu opempha anatuluka mokakamira ngati msomali wadzimbiri, koma kalipentalayo sanamuchedwetse. Anapukuta manja pathalauza n'kumutsatira.

M'chipindamo aKunja anafunsa amene anamutsekera khomo. Mlamu wake anavomera kuti ndi iyeyo, motumidwa. Mkuluyo ankadandaula kuti mwana wake amalowa m'nyumba ngati mphepo, osagogoda, osapereka moni. Anati atseke, mwina akalephera kulowa aimba foni.

"Ndinatumiza uthenga," anatero aKunja.

"Tinaulandira, alamu. Unali ndi malangizo asanu ndi awiri. Bambo anauwerenga kawiri kufunafuna pamene mwafunsa za miyendo yawo."

AKunja anakankha pepala ndi cholembera patebulo, osamuyang'ana, n'kumuuza kuti alembe mawuwo bwinobwino, poti akaphonya chilembo chimodzi buku ndi mawu a mayi zipitira limodzi. Kalipentalayo anapukusa mutu. Anati malemu anamuletsa kuwalemba kapena kuwatchula, ndipo anamuuza chochita mwana wawo akadzabwera.

"Khalani bwino pampandopo. Ongolani msana."

Anaima kumbuyo kwake, fungo la utuchi lili guu, nagwira dzanja lake lamanja. Chikhatho chokhakhala chija chinakuta zala zofewa za aKunja, n'kusankha chala cholozera.

"Umu ndi mmene anandiphunzitsira ine. Ankati mwana saphunzira kulemba ndi makutu."

AKunja anaumitsa mkono. Mlamu wake anadikira mpaka mkonowo unafewa. Kenaka anatsitsa chalacho pa chilembo choyamba, n'kuima pang'ono kuti mwana wa mphunzitsi achione, asanapite naye pa chachiwiri.