Zornitsa Avala Mapiko a Mwamuna

Zornitsa Velkova ankakonda kukhala m'mwamba. Akamumanga malamba m'chiuno n'kumukweza ndi zingwe mpaka kudenga la chinyumba chojambuliramo mafilimu ku Budapest, phokoso lonse linkatsalira pansi. Anthu a makamera ankaoneka ngati nyerere, ndipo nsalu yobiriwira imene inazungulira chipinda chonsecho inkasanduka dambo lopanda malire. Nthawi zina ankaiwala kuti ali pa ntchito. Ankangolendewera, mapiko asiliva atatambasuka kumsana, mpaka wina atakuwa pansipo kuti, "Tiyambirenso!"

Anamusankha kuti akhale Mlonda wa Mitambo, ngwazi youluka ya m'mabuku a zithunzi amene ana ankalimbirana kalekale. Koma m'mabukumo Mlondayo anali mwamuna, wa chifuwa ngati chitseko.

Tsiku limene eni filimu anatulutsa kachidutswa kotsatsira, foni ya Zornitsa inayamba kunjenjemera m'mamawa ndipo sinalekenso. Anthu amene sanamuonepo ndi maso ankamudziwa kuposa amayi ake omubala. Wina analemba kuti ndi nkhalamba. Wina anati mapewa ake ndi a munthu wosenza matumba a simenti, winanso anati ndi woonda moti mphepo ingamuulutse popanda mapiko. Ena anatenga chithunzi chake n'kuchimeretsa ndevu. Ambiri ankangobwereza dandaulo limodzi: mkaziyu samwetulira, ndipo watibera ubwana wathu.

Omuikira kumbuyo analiponso, koma nawonso sanamupatse mpata wopuma. Ankamuitanira ku wailesi za kanema kuti akayankhulire akazi onse a dziko lapansi. Mtolankhani wina anamufunsa kuti akumva bwanji kukhala mbendera ya akazi. Iye anayankha kuti akumva kupweteka m'ntchafu chifukwa malamba aja amathina. Anthu anaseka, koma kutacha mbali zonse ziwiri zinali zitamukwiyira.

Eni filimu anachita mantha. Wotsogolera kujambula, bambo wofatsa wa ku America dzina lake Halloran, anamuitanira pambali.

"Mayi Velkova, tijambulanso magawo angapo. Muzimwetulirako. Chovalachinso tichidulako pang'ono, apa ndi apa."

"Mufilimumo mzinda ukupsa, ine ndizimwetulira?"

"Pang'ono chabe. Mano asachite kuoneka."

Zornitsa anapempha kuti akaganize kaye kwawo, ndipo ananyamuka ulendo wa ku Ruse, mzinda umene anakuliramo.

Anafika m'mawa, chifunga cha mtsinje wa Danube chitameza mzinda wonse. Nyumba zinkatulukira imodziimodzi ngati zikudzuka kutulo, kenako n'kubisalanso. Amayi ake anamuikira banitsa yotentha, mkate wa tchizi wa kwawoko, ndi kapu ya chakumwa chonga thobwa chotchedwa boza, anamuyang'ana akudya, ndipo sanatchule za intaneti ngakhale kamodzi. Iye atamaliza kudya, amayiwo anangoloza kudenga ndi chibwano.

"Mchimwene wako ali ku nkhunda zake. Wakuona ukubwera, akungodzipanikiza."

Tsvetan anali wamkulu kwa Zornitsa, makaniko wa mabasi a mumzinda. Pamwamba pa nyumba yosanja imene anakuliramo anamangapo makola a nkhunda, ndipo kumeneko n'kumene ankathawira akakhala ndi mawu amene sakufuna kunena. Chiyambire phokoso lija, anali asanamuimbire foni mlongo wake.

Zornitsa anakwera masitepe n'kutulukira m'mtambo weniweni. Pansi sipankaoneka, dziko la Romania kutsidya kwa mtsinje silinkaoneka. Kunali kulira kwa nkhunda basi, ndi msana wa Tsvetan atawerama pa chidebe cha tirigu.

"Achimwene, moni simupereka masiku ano?"

"Ee, a ngwazi afika. Mwabwera pa sitima kapena mwauluka?"

"Nanunso mwalembako pa intaneti paja?"

"Ine sinditukwana mlongo wanga pagulu." Anamwaza tirigu. "Koma ukandifunsa, ndikuuza. Mlonda ndi mwamuna, Zori. Akanakupangira ngwazi yakoyako, ine ndikanagona pakhomo la kanema kudikira tikiti. Nanga n'chifukwa chiyani atenga wathu?"

"Wanu ndani?"

"Wathu, anyamata."

Anatsegula khola, ndipo nkhunda zinatuluka ndi mkokomo, n'kuzimiririka m'chifunga. Mapiko ankamveka akuzungulira pamwamba pawo koma mbalame yooneka panalibe. Tsvetan anayankhula maso ali kumwamba.

"Ukukumbuka bambo atapita kukagwira ntchito ku Libya? Iwe unali kakhanda, sungakumbuke. Anzanga ankapita kukawedza ndi abambo awo, ine ndinkakhala pansi pa tebulo ndi mabuku aja. Munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kuti mwamuna sathawa. Ndinkachita kumufunsa nzeru, ngati munthu weniweni. Lero ndikatsegula foni ndikupeza wavala nkhope ya kamtsikana kamene ndinkakapukuta mamina."

Zornitsa anakhala pa chidebe chovundikira.

"Ine bambo anga anali kuti nthawi imeneyo?"

Tsvetan anatseka chitseko cha khola, ndipo Zornitsa anapitiriza.

"Munkabisa mabuku aja kuseri kwa kabati, mumvekere atsikana amang'amba. Mukapita kusukulu ndinkawatulutsa. Kuwerenga ndinaphunzirira momwemo. Tsiku lina ndinakwera pa garaja ya a Penchev, oyandikana nafe aja, nditamanga chinsalu cha patebulo m'khosi. Dzanja lija ndinathyoka, mukuganiza kuti ndinagwadi pa njinga?"

"Unadumpha pa garaja?"

"Ndinauluka, achimwene. Kutera n'kumene kunavuta."

Tsvetan anaseka mpaka kutsokomola. Dzuwa linayamba kuboola chifunga, lofiirira ngati kachikasu ka m'kati mwa dzira, ndipo nkhunda zinayamba kuoneka, timadontho tonyezimira kutali kwambiri. Zornitsa anamva tulo tokoma tikumugwira, tulo timene anali asanatione kwa milungu yambiri. Anatsamira khola n'kutseka maso. Akuwodzera choncho anamva mchimwene wake akumufunditsa jekete lonunkha mafuta a injini, uku akung'ung'udza kuti, "Komabe ndi mwamuna."

Madzulo a tsiku lomwelo Zornitsa anaimbira Halloran. Anamuuza kuti chovala chisadulidwe, ndipo kumwetulira pamene anthu akufa sangathe. Halloran anapuma mozama n'kunena kuti wamva, aona chochita. Sanamuitanenso kukajambula.

Filimu inatuluka chilimwe chotsatira. Zornitsa anakana kukaionera ku mizinda ikuluikulu, anasankha nyumba ya kanema ya kwawo, masana, pakati pa amayi ake ndi Tsvetan. Panja panali anyamata ochepa ndi zikwangwani zotsutsa, mmodzi wa iwo akunyambita ayisikilimu.

Magetsi atazima, anadziona akukwera m'mitambo imene iye sanaionepo, pamwamba pa mzinda umene kulibe. Zinali zokongola moti anaiwala kuti ndi iyeyo. Kenako inafika nthawi ya moto. Mlonda anatera pa mlatho ukugwa, anatembenukira anthu, ndipo anamwetulira.

Zornitsa anagwira milomo yake. Kumwetulira kumeneko sanakuchitepo. Anthu a makompyuta anali atamukoka masaya, kumusalaza makwinya a m'maso, n'kumupatsa pakamwa pa munthu wina. Nkhope yaikulu ngati nyumba inkamuyang'ana mokoma, yofanana naye koma yachilendo, ngati m'bale amene umakumana naye kumaloto.

Tsvetan anaimirira.

"Pakamwa apo si pa mlongo wanga!"

"Khalani pansi, bambo inu!" anakuwa wina kumbuyo.

"Ndakula naye ine! Akaseka ameneyu mphuno imakwinyika ngati ya kalulu wa m'khola. Achita kumumata zimenezo!"

Amayi anamukoka malaya mpaka anakhala, koma anapitiriza kufwenthera ndi ukali mpaka filimu inatha. Atatuluka anapita molunjika kwa anyamata a zikwangwani aja n'kuwauza kuti ndi iwo achititsa, ndipo anakangana nawo mpaka mmodzi anapempha kujambulitsa ndi Zornitsa. Tsiku lomwelo Tsvetan analemba maganizo ake pa gulu la okonda Mlonda limene anakhalamo zaka zambiri. Ananena kuti Mlonda ndi mwamuna, koma amene angagwirenso nkhope ya mlongo wake akumana ndi sipanala. Anamuchotsa m'gulumo dzuwa lisanalowe.

Anthu anaionera ndithu filimuyo, ndipo eni ake anafuna kupanga yachiwiri. Zornitsa anati abwera ngati alonjeza kuti nkhope yake aisiya mmene ilili. Iwo anati zimenezo sangalonjeze. Choncho anatsala ku Ruse, n'kuyamba kuchita zisudzo pa bwalo la mumzindamo, pamene oonera amakhala pafupi moti amamva munthu akupuma.

Mapiko anawapereka kwa mtsikana wa ku Portugal dzina lake Leonor Valadas. Dzina lake litangolengezedwa, matemberero onse anasamukira kwa iye. Zornitsa anafufuza nambala yake, ndipo m'mawa wina anamuimbira ali pa khonde, mvula ikuwaza pa mitengo ya mumsewu.

"Ndine Zornitsa Velkova, mng'ono wanga. Sindikufuna chilichonse. Ndangoti ndikumve."

Kumbali inayo kunamveka kupuma kwa munthu amene wakhala akudziletsa kulira kwa masiku ambiri. Zornitsa anakoka mpando, anakhala pansi, ndipo anadikira.