Amusunge Kapena Amutulutse

Malizani anali akupachika dengu la masamba pasikelo pamene lole ya Che Stambuli inatulukira m'nkhungu pakati pa minda ya tiyi. Lole imeneyo inkabwera m'mawa kudzatula otchola tiyi, n'kubweranso madzulo kudzawatenga. Kubwera masana chonchi, aliyense pashedipo anadziwa kuti ndi za maliro aja.

Mwana wa Che Stambuli, Ridwan, anali atamwalira ndi chibayo ku Russia komwe ankaphunzira za makina. Anthu anali atagona pasiwa masiku angapo popanda mtembo. Maliro otero amatopetsa, abale. Anthu amalira, n'kusiya, n'kumangoyang'anana, osadziwa choti anyamule.

Malizani anali kapitawo wamba paesiteti, koma kale adapitako ku Russia pa sikolashipu. Adabwerako asanamalize, wopanda pepala, atangotenga chifuwa ndi chipewa chaubweya. Anzake ankamutcha Mrasha, ndipo amwano ankati Malizani wosamaliza. Komabe kuchokera kwa Khwethemule mpaka kwa Changata, woti n'kutsegula pakamwa Chirasha n'kutuluka anali iye yekha.

Malizani atakwera kutsogolo kwa lole, Che Stambuli anamuonetsa uthenga wa Chingerezi wochokera kusukulu kwa mwanayo. Chipatala chinkafuna kuti mawa lake makolo onse awiri aonekere pafoni ya vidiyo, ali ndi womasulira, anene chimodzi. Kaya thupi lisungidwe mpaka mapepala olibweretsera kumudzi atatheka, kaya liperekedwe kwa Asilamu a mzikiti wa m'tauniyo kuti alisambitse ndi kuliika komweko.

Bambowo anayendetsa lole pang'onopang'ono, maso ali kumsewu. Anati mwa chipembedzo chawo munthu sachedwa kuikidwa, ndipo iwo tulo sakutiona poganiza kuti mwana wawo wagona masiku onsewa osasambitsidwa. Anati ndalama za ndege, ngakhale atagulitsa loleyi ndi matayala ake omwe, sizingakwane msanga. Kenaka anaima pansi pa mitengo ya bulugamu n'kuzimitsa injini.

"Amake Ridwan anena zina mawa. Musawatsutse, ndi mayi. Koma inu mukauze anthuwo kuti amutulutse, aikidwe komweko. Chirasha sachimva, sadziwa."

Malizani anangoti wamva. Akanati chiyani? Che Stambuli ndi amene adamulankhulira kwa manijala kuti apeze ntchito ya ukapitawo, nthawi imene aliyense ankamuona ngati wozungulira mutu.

Ataweruka, Malizani anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kutulutsa dikishonale yake yakale, yomwe chiswe chinali chitadya m'mbali. Vuto la Malizani linali lakuti Chirasha adachiphunzira kudzera m'Chingerezi. Liwu lililonse linkayamba lakwera basi ya Chingerezi, kenaka n'kusinthira ina. Kusunga anakupeza pa “keep”, koma pamenepo panali mawu tsamba lonse. Panali liwu la kusunga katundu m'nyumba yosungiramo zinthu, lina la kugwira chinthu m'manja, lina la kusamala chinthu chimene umachikonda, lina la kusiya chinthu pomwe chili. Anapita pa “hold”, n'kupezanso mpingo wina. Lilime nalo linali litauma, mawu ankatuluka ngati akutafuna chimanga chokazinga.

Mkazi wake Sellah, yemwe ankasenda mbatata pakhonde, anamuseka kuti zaka zonsezi wakhala akuopseza ana ndi Chirasha akalakwa, lero chafika pofunika ndiye akutuluka thukuta. Koma ataona nkhope yake anasiya. Anamuuza kuti kukubwera mlendo.

Anali mayi Sakina, amake a Ridwan, atafunda mpango wakuda, mapazi ali matope. Anachoka pasiwa mozemba, chinthu chimene namfedwa sachita. Anakana mpando n'kukhala pansi pakhonde pomwepo. Malizani mtima unamugwa, chifukwa mayi amenewa ndi amene ankamupatsa mandasi ndi tiyi pagolosale yawo chaka chonse chimene adabwerako ku Russia alibe kalikonse. Sadamufunsepo chifukwa chimene adalepherera.

Mayiwo sanalire. Analankhula motsitsa, kuti mwana adachoka akumuona ndi maso, ndipo akufuna amuonenso ndi maso, ngakhale kamodzi. Anati sangakhale moyo wonse akudziwa kuti Ridwan wagona m'dothi lachisanu limene iwo sadzapondapo. Anati akudziwa zimene amuna awo amuuza m'lole.

"Mwanangu, iwo anene zawozo. Iwe ukati amusunge. Adziwa ndani? Ndakupemphapo chiyani ine chibadwire?"

Malizani anayang'ana kwa Sellah, koma Sellah anali atalowa m'nyumba ndi mbatata zake. Malizani anangotinso wamva. Mayiwo atapita anakhala pakhondepo mpaka udzudzu unamuthamangitsa, akudzida yekha chifukwa chodziwa chilankhulo chimene sichinamupindulirepo kanthu. Anaganiza zodwala mawa lake. Anaganiza zonena kuti Chirasha adachiiwala. Koma akatero mwana wa eni ake akhalabe m'chipatala muja, popanda womulankhulira.

Malo okhawo omwe netiweki inkakwana vidiyo anali pakaphiri ka pakati pa munda wa tiyi, pafupi ndi thanki ya madzi. Anakwera atatu m'mawa, chiperoni chikuwaza. Che Stambuli anali patsogolo, mayi Sakina pambuyo, Malizani pakati atakumbatira dikishonale m'jumbo. Amayi otchola tiyi anaimitsa manja n'kuwapepesa chapansipansi, kenaka anapitiriza ntchito makutu ali kuphiri.

Foni inalira kangapo, kenaka panaoneka mayi wachizungu wa magalasi, atavala zoyera. Analankhula mothamanga kwambiri moti Malizani anangotolapo dzina la Ridwan. Malizani anamupempha kuti abwereze pang'onopang'ono, ndipo anadabwa kumva pakamwa pake pakutuluka mawu amene ankayesa kuti adafa kalekale. Mayiyo anapepesa malirowo mwachidule, n'kufunsa chimene makolo agwirizana.

Che Stambuli anati amutulutse. Mayi Sakina anati amusunge. Onse awiri anayang'ana Malizani, aliyense ndi diso lomukumbutsa za dzulo.

Apa ndiye panavuta. Liwu limodzi lokha linkakwana, ndipo panalibe wina aliyense paphiripo woti n'kumugwira bodza. Mzungu uja anayang'ana wotchi yake. Malizani anamupempha kuti adikire pang'ono, n'kutsitsa foni.

"Bambo, mayi, nonse mwandiuza kuti ndinamize mnzanu. Ine sinditha. Mwanayu ndi wanu. Chimene munene nonse awiri ndi chimene ndinene."

Che Stambuli anatembenukira kwa akazi awo, nawonso anawayang'ana. Panalibe anakalipa. Manyazi anawagwira onse, ndipo bambowo anavula kofia n'kuivalanso. Patapita kanthawi mayi Sakina anati, chabwino, awafunse anthuwo kuti kusunga akunenako amusunga bwanji, ndipo mpaka liti.

Malizani anafunsa. Mayi wa magalasi anayankha mosabisa, monga amachitira anthu amene ayankha funso lomwelo kambirimbiri. Liwu limene anagwiritsa ntchito linali “hranit”, lomwe Malizani ankaliona pamabotolo a mankhwala ndi pazitini za nsomba. Anati thupi likhala m'kabati yachitsulo yozizira, mwina miyezi, kudikira mapepala a maofesi a mayiko awiri. Anati lisananyamuke alibaya mankhwala kuti lisaonongeke. Anati alitsekera m'bokosi lachitsulo lowotcherera, ndipo likafika, bokosilo silitsegulidwa.

Malizani akanatha kudumpha mawu omalizawo, ndipo kunena zoona anafuna kutero. Anayang'ana mapazi a mayi Sakina, omwe anali atanyowa ndi mame a tiyi. Kenaka anamasulira zonse, mpaka za bokosi.

"Ndiye kuti nkhope yake sindiiona?"

"Simuiona, mayi."

Mayiwo anakhala pansi pa udzu wonyowa. Che Stambuli, amene anali atapeza chimene ankafuna, sanaoneke ngati wopambana. Anatembenuka n'kuyang'ana kufakitale komwe utsi unkatuluka, mapewa akugwedezeka.

Mzungu uja analankhulanso. Anati panja pa ofesi yake pali mkulu wina wa kumzikiti amene wakhala akubwera tsiku lililonse kudzafunsa ngati makolo ayankha, ndipo lero nalo wabwera. Anafunsa ngati angamuitane. Malizani anamasulira, ndipo mayi Sakina anagwedeza mutu kuvomera.

Pafoni panaoneka nkhalamba ya ndevu zoyera, maso ang'onoang'ono, itavala chijasi chachikulu ndi kofia yobiriwira. Inayang'ana kaye ngati ikufunafuna pomwe pali anthu, kenaka inaika dzanja pachifuwa.

"Assalamu alaikum."

Che Stambuli ndi mayi Sakina anayankhira pamodzi, Malizani asanatsegule pakamwa. Mayiwo anadzuka n'kuyandikira foni.

Mkuluyo analankhula Chirasha chapang'onopang'ono, chosavuta kumva. Anati Ridwan ankamudziwa, ankabwera Lachisanu lililonse n'kukhala mzere wakumbuyo pafupi ndi chotenthetsera m'nyumba, ndipo mapemphero akatha ankathandiza kupinda makapeti. Anati nsalu yoyera adagula kale, manda a Asilamu alipo kunja kwa tauni, ndipo anyamata okumba akungodikira mawu. Anati dothi ndi louma ndi chisanu koma ayatsapo moto kuti lifewe.

Mayi Sakina anayamba kufunsa, Malizani akuthamanga ndi mawu uku ndi uku, dikishonale ataiiwala m'jumbo. Anafunsa kuti amusambitsa ndani. Mkuluyo anati iye mwini ndi ana ake aamuna awiri. Anafunsa ngati pamandapo padzakhale chizindikiro. Mkuluyo anati padzakhala, dzina lake ndi la bambo ake, ndipo adzajambula n'kutumiza. Anafunsa ngati kudzakhale anthu omuperekeza, kapena adzangopita ngati mlendo. Mkuluyo anati mzikiti wonse ukudziwa.

Kenaka mayiwo analanda foni m'manja mwa Malizani n'kuigwira ndi manja onse awiri pafupi ndi nkhope, ngati mkuluyo amva Chichewa akayandikira.

"Uwauze madzi akhale ofunda. Mwana ameneyo madzi ozizira ankadana nawo, ndinkachita kumuthamangitsa ndi chikho. Uwauze pomutembenuza agwire mutu bwino, asausiye ugunde pansi."

Malizani anayamba kumasulira, koma pa liwu la kugwira mawu anamuthawa. Anakweza dzanja lake n'kulipinda ngati wanyamula mutu wa khanda, n'kulionetsa pafoni. Kenaka liwulo linabwera, “derzhat”, ndipo analinena. Nkhalamba ija inapinda dzanja lake chimodzimodzi, n'kunena kuti imugwira ngati mwana wake.

Mayi wa magalasi anabwereranso n'kufunsa yankho lomaliza, kuti alimve kuchokera kwa makolo onse. Ulendo uno Che Stambuli sanayambe kuyankha. Anadikira, maso ali pansi.

"Amutulutse," anatero mayi Sakina.

Bambowo anabwereza liwu lomwelo, ndipo Malizani analinena m'Chirasha. Mzunguyo analemba, anathokoza, foni inazima.

Potsika phiri Che Stambuli anatsogola mofulumira kuti akauze shehe ndi anthu a pasiwa kuti akonzekere swala, pemphero la maliro. Malizani anatsalira ndi mayi Sakina, omwe ankayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa tiyi, chitenje chikukokera madzi. Anafuna kuwapepesa koma sanadziwe poyambira. Pansi pashedi madengu anali atandandalika kale kudikira sikelo, ndipo thirakitala inkalira.

Atafika pamphambano pomwe njira ya kushedi imasiyana ndi ya kumsika komwe kunali kwawo, mayiwo anaima. Sanamuyang'ane kumaso. Anamukonzera kolala ya jekete yomwe inali itapindika, monga ankachitira kale pagolosale.

"Wachita bwino, mwanangu. Koma ukanandinamiza. Bwenzi pano ndikudikirabe mwana wanga."

Anatsetsereka okha kulowera kumsika. Malizani anaima pamphambanopo ndi jumbo yake mpaka kalaliki wa pashedi anamukuwira kuti masamba akufota.