Amene Ankaitana Kumbuyo

"Bwezanso pomwepo," anatero Kochi, ndipo mpira wa pakanema unabwerera chafutambuyo.

Osewera a timu yadziko anali pamabenchi m'chipinda chovalira, makatani atatseka, fungo la mankhwala opaka m'miyendo lili ponseponse. Pakhoma pankaoneka masewero amene anakagonja kunja sabata yathayo. Mpira unachokera kumanja, wapansipansi, wokoma ngati wochita kupatsidwa m'manja. Namzeze, womwetsa zigoli wawo, anali yekhayekha pamaso pa golo. Sanaumenye. Anatangadza miyendo, mpira n'kudutsa pakati, n'kukagubudukira pa udzu pomwe panalibe munthu.

"Tandiuza, Namzeze," anatero Kochi motsitsa mawu. "Unasiyira ndani?"

Namzeze anayang'ana zingwe za nsapato zake.

"Anasiyira angelo, Kochi," anayankha Goloboyi. "Vuto lake angelowo simunawaitane m'timu."

Ena anaseka, koma Kochi sanaonetse dzino.

"Ku kalabu kwako wakhala ukuchita zomwezi, ine ndili chete. Tsopano wazibweretsa pa jezi ya dziko. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe, wapachala ndi wamphepo. Loweruka uyamba nawo, chifukwa cha zigoli zako zakale. Ukakasiyanso mpira, jeziyo ukaivulire konko. Sudzaivalanso ine ndili pano."

"Ndamva, Kochi."

Anatero maso ali pa msomali woyandikana ndi wake, pomwe panalibe chopachikapo chilichonse. Palibe amene ankafuna kupachikapo malaya chimwalirire mwini wake, Telala.

Awiriwa anayambira limodzi m'timu ya fakitale ya sopo, pabwalo la fumbi, nsapato zochita kubwerekana. Mmodzi anthu anamutcha Namzeze chifukwa ankangotulukira pagolo osadziwika kumene wachokera. Winayo anali Telala, poti mpira ankaulowetsa pakati pa adani ngati ulusi pa singano. Kalabu yaikulu ya mumzinda inawatenga onse, timu yadziko inawaitana tsiku limodzi, ndipo kalabu ina yakunja itafuna Namzeze, iye anati sakwera ndege popanda mnzake. Anakwera onse awiri.

Anali ndi chinsinsi chawo. Kalekale Telala anaona kuti mnzakeyo akuchulutsa maulendo obwera kwawo, ati kudzabwereka pampu, pomwe maso ali pa mlongo wake. Anayamba kumunyogodola pomuitana kuti mlamu. Nthabwalayo inalowa mpaka m'bwalo. Telala akamathamanga kumbuyo n'kukuwa kuti "Mlamu!", tanthauzo linali limodzi: usaukhudze, ndili pambuyo pako. Namzeze ankatangadza, otchinga kumbuyo onse n'kukhamukira kwa iye, Telala n'kugwedeza ukonde. Adani sanazitulukire. Angakayikire ndani munthu woitana mlamu wake? Ngakhale ukwati utachitikadi, sanaululire munthu, ndi mkazi yemwe.

Ndiye m'mawa wina chaka chatha, akukonzekera masewero a timu yadziko, Telala anakuwa kuti "Mlamu!" Namzeze anausiya mpira n'kuthamangira kutsogolo akuseka, khutu likudikira kulira kwa ukonde. Kunali zii. Pocheuka anaona mnzake ali chafufumimba pa udzu. Madokotala anati mtima unangoima. Namzeze sanadziwe, ndipo analibe womufunsa, ngati mawu otsirizawo anali a mpira kapena a munthu wopempha kuti amugwire.

Zigoli zinauma. Kalabu yakunja inamutsanzika, iye n'kubwerera ku kalabu yake yakale. Kumeneko ndiye mawu anayambira.

Masana a tsiku limene Kochi anamudzudzulalo, osewera anawalola kukaona mabanja awo. Namzeze anapeza mkazi wake akusita zovala pafupi ndi zenera, dzuwa likumuwala patsaya. Akaweramitsa mutu choncho ankafanana kwambiri ndi malemu mchimwene wake, moti masiku ena Namzeze ankachita kuyang'ana kumbali.

"Mwalowa ngati mphaka wakuba," anatero mkaziyo. "Akuthamangitsani?"

"Atsala pang'ono."

"Amuna anga, ine za mpira sindizidziwa, koma maso ndili nawo. Chikukuvutani si mwendo. Mutu umodzi susenza denga."

Namzeze anakhala pampando, n'kugwira nsonga ya chitenje chake ngati mwana woopa kusochera pamsika.

"Ndikakuuza usandithawe."

"Ndikanathawa kale, tsiku lija munabwera kudzabwereka pampu mulibe ndi mpira womwe."

"Mchimwene wako amandiitana."

Anamufotokozera zonse: za nthabwala ija, za chizindikiro, za m'mawa uja. Anamuuza kuti mpira ukangomupeza pafupi ndi golo, mawu a Telala amatuluka m'phokoso lonse la anthu, omveka bwinobwino, osasa pang'ono ngati mmene analili, ndipo miyendo imatseguka yokha mutu usanaganize.

"Amati chiyani mawuwo?"

"Amati, 'Mlamu!'"

Mkazi uja anasiya simbi pamalaya pomwepo. M'chipindamo munayamba kumveka fungo la nsalu yopsa, koma iye sanasunthe mpaka Namzeze anachotsa yekha simbi pamalaya.

"Mayo ine," ananong'ona. "Valani nsapato. Ndinalonjeza kusunga pakamwa, koma lonjezo limeneli latipweteka."

Sananene kumene ankapita. Anatsika basi kumapeto kwa mzinda, n'kulowa pampanda wa malata pomwe pankaima malole. Pansi panali poterera ndi mafuta akuda. Pansi pa lole ina yofiira panatulukira miyendo ya munthu, ndipo mkaziyo anagogoda pachitseko cha loleyo.

"Odi, achimwene! Ndabwera ndi mlendo."

Munthu uja anasuzumira pakati pa matayala.

"Aa! Mlamu!"

Namzeze anamva tsitsi likuimirira. Asanadziletse anacheuka kumbuyo. Kunali migolo yokhayokha.

Amene anatuluka pansi pa lole anali a Dalaivala, mkulu wake wa Telala, bambo wamimba ndi imvi za m'ndevu. Nkhope sinkafanana ndi ya mng'ono wawo ngakhale pang'ono. Koma mawu anali omwewo, ngati otungidwa m'chitsime chimodzi. Namzeze anali asanawamvepo akukweza mawu. Ankangowadziwa ngati munthu wa msunamo amene paukwati anapereka moni wa mutu, pamaliro n'kukhala payekha kuseri kwa nyumba.

"Achimwene, muwauze kumene mumapita Loweruka," anatero mkazi uja.

"Iwe, si tinagwirizana?"

"Muwauze."

A Dalaivala anapukuta manja pa kansanza kwa nthawi yaitali.

"Mlamu, ine mwana uja ndinamulera ndekha. Mpira ndinkadana nawo. Ndinkamukwapula, ndinkamubisira nsapato, ndinkati mpira ndi ntchito ya agalu, kuthamangitsa chinthu chimene sudya. Dziko lonse linamuonera akusewera, kupatula ine. Madzi akatayika saoleka. Ndiye mutabwerako kunja ndinati, amene watsala ndi uyu, ndizikamuona. Ndimakhala kuseri kwa golo, chipewa chili m'maso. Ndinamuuza mlongo wanguyu kuti asanene, poti manyazi, mukudziwa."

"Ndiye mumakuwa?"

"Kukuwa kwake! Mpira ukangokupezani ndimaimirira, 'Mlamu!', kuti mudziwe kuti wanu alipo. Koma inunso mlamu, pepani, mwayamba kundichititsa manyazi. Munthu ndikukuwa mpaka kukhosi kuwawa, inu n'kumaulumpha mpira ngati ndi njoka."

Namzeze anayamba kuseka. Anaseka mpaka anatsamira tayala, misozi n'kuyamba kutsika, ndipo sizinadziwikenso ngati kunali kuseka. Mkazi wake ndi amene anafotokoza tanthauzo la mawuwo. A Dalaivala anakhala pansi pamafuta pomwepo, manja ali kumutu.

"Ndiye kuti ine ndakhala ndikukudyerani zigoli? Ndinamulanda nsapato ali moyo, tsopano ndikulanda mnzake. Pakamwa panga ndi pa tsoka."

"Ayi alamu, simunkadziwa." Namzeze anapukuta m'maso, mtima utapepuka ngati watula thumba la mchenga. "Koma ndinu olimba mtima. Mpaka kutitsatira kunja sabata yatha ija? Munakwera chiyani?"

A Dalaivala anakweza mutu.

"Kunja? Ine pasipoti ndilibe, mlamu. Masewero amenewo ndinamvera pa wailesi, muno m'lole."

Mphepo inagwedeza lata lina la mpanda. Mkazi uja anagwira dzanja la mwamuna wake, ndipo linali lozizira.

Loweruka bwalo linadzaza mpaka m'makwerero. A Dalaivala anakana kubwera, koma Namzeze anawakakamiza. Anakhala kuseri kwa golo pamodzi ndi mlongo wawo, opanda chipewa, mpango atauluma m'kamwa ngati munthu wodwala dzino.

"Lero angelo ako abwera?" anafunsa Goloboyi ali m'kanjira kotulukira.

"Samala golo lako, dengu iwe."

"Ee, walankhula! Kochi, maliro aja adzuka!"

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Chachiwiri chinkapita kumapeto, ndipo Namzeze anaona wosewera wina wachinyamata akuvula jekete pafupi ndi benchi, Kochi akumunong'oneza. Anadziwa kuti amene akutuluka ndi iye.

Pomwepo mpira unatulukira kumanja. Unabwera wapansipansi, ngati uja wa pakanema. Namzeze anazemba womutchinga, n'kupezeka yekha. Kuseri kwa ukonde anawaona a Dalaivala ataimirira, maso ali tong'o, mpango uli m'kamwa, mlongo wawo atawatsekanso ndi chikhatho.

"Mlamu!"

Mawuwo sanachokere kutsogolo. Anachokera kumbuyo, chakumanzere, pamalo pomwe Telala ankathamangira nthawi zonse, ndipo anali pafupi moti Namzeze anamva ngati mpweya wamukhudza pakhosi. Miyendo inayamba kutseguka. Nthawi inakhala ngati yaima, phokoso lonse n'kuzimirira, ndipo kwa kanthawi kochepako analakalaka kuusiya, kuti mwina, mwina ulendo uno akacheuka amupeza ataimirira.

"Pepa, mlamu," ananong'ona. "Uwu ndi wanga."

Anaumenya ndi mkati mwa phazi. Ukonde unalira.

Bwalo linaphulika. Anzake anamugwera pamsana, Goloboyi anathamanga kuchokera kugolo kwake akukuwa ngati wapenga, Kochi n'kuuza wachinyamata uja kuti avalenso jekete. Namzeze atadzuka pansi pa mulu wa anthuwo sanathamangire kwa ochemerera. Anacheuka kumbuyo, chakumanzere. Panali udzu wokhawokha, wobiriwira, wopanda ndi mapazi omwe.

Jezi sanaivule. Anasewereranso timu yadziko zaka zingapo, ndipo zigoli zinabwerera, ngakhale sizinafike pa zakale. A Dalaivala sankaphonya masewero, koma anasintha kaitanidwe: ankakuwa dzina la Namzeze ngati wina aliyense. Mawu aja sanamvekenso, kwawo kapena kunja.

Tsiku lina akuchokera kubwalo, mkazi wake anamukola mkono.

"Mwamwetsa ziwiri, koma nkhope ngati mwagonja. Akuitananinso?"

"Ayi," anayankha Namzeze. "Anasiya."

"Ndiye si zabwino?"

Iye anagwedeza mutu kuvomera. Sanamuuze kuti mpira ukamabwera wapansipansi kuchokera kumanja, amachedwabe pang'ono asanaumenye, khutu lili kumbuyo.